Kuwerenga Mbalame M'dzinja: Mmene Mungachitire Nawo Mpikisano Kuno ku Harare

Mvula yoyamba ikagwa mu Harare, cha kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala, mzinda uno umadzaza alendo amene sadutsa pa chipata cha Nyamapanda kapena cha Beitbridge. Alendowo ndi mbalame zochokera ku Ulaya, ku Asia ndi ku mayiko a Afrika a kumpoto kwathu, ndipo kubwera kwake ndiko kumachititsa kuti magulu okonda mbalame aziika mipikisano yawo m'nyengo imeneyi. Mpikisano wotere suvuta kuumvetsa. Munthu kapena gulu la anthu limapatsidwa nthawi ndi dera, ndipo limalemba mitundu yonse ya mbalame zakutchire imene laona kapena kumva. Amene walemba mitundu yambiri, ndipo angathe kuikira umboni zimene walembazo, ndiye wapambana.

Tiyambe ndi dzina la nyengo, chifukwa apa ena amasokonezeka. Zilengezo zambiri zimalembedwa m'Chingerezi ndipo zimati summer, mawu amene ena amawamasulira kuti chilimwe. Koma kuno kum'mwera kwa Afrika nyengo imene akunenayo ndi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, imene ife timati dzinja ndipo anansi athu Achishona amati zhizha. Choncho konzekerani matope, udzu wautali ndi mabingu a masana, osati fumbi la mu Sepitembala.

Yambani ndi malamulo

Musanagule chilichonse, werengani malamulo a mpikisano umene mukufuna kulowa, ndipo muwawerenge kawiri. Mipikisano ina ndi ya tsiku limodzi, maola 24 kuyambira pakati pa usiku, ina ndi ya mwezi wathunthu, ndipo ina imatenga dzinja lonse. Ina imakulolani kuyenda kulikonse m'Zimbabwe, pamene ina imakuikirani malire, mwina makilomita angapo kuzungulira malo amene mwasankha, mwina pabwalo la nyumba yanu pokha. Muonetsetsenso ngati mbalame imene mwangoimva kulira osaiona ikuloledwa, ngati pakufunika chithunzi pa mbalame zosowa, komanso ngati muli pagulu, ndi anthu angati amene ayenera kuiona mbalameyo kuti ilembedwe. Lamulo limodzi lili pafupifupi paliponse: mbalame yoweta kapena ya m'khola siwerengedwa. Nkhanga za pakhomo pa amalume anu si za mpikisano, ndipo mukapita ku Kuimba Shiri, malo osungirako mbalame a m'mbali mwa nyanja ya Chivero, zimene zili m'makola n'zongophunzirirapo, mulembe zokhazo zouluka mwaufulu kunja.

Ngati simukudziwa kumene mungapeze mpikisano, funsani ku BirdLife Zimbabwe, bungwe limene lili ndi likulu lake mu Harare momwemuno ndipo limakonza maulendo a m'mawa oonera mbalame m'malo ozungulira mzinda. Kuyenda kamodzi kapena kawiri ndi anthu amenewa mpikisano usanayambe kudzakuphunzitsani zimene mukanatha miyezi mukuzifufuza nokha.

Zida zimene mukufunika

Chida chachikulu ndi magalasi oonera patali a maso awiri. Pa magalasiwa pamalembedwa manambala awiri, monga 8x42 kapena 10x42. Nambala yoyamba ikunena kuti chinthu chikuoneka pafupi kangati, ndipo yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita, kumene kumaonetsa kuchuluka kwa kuwala kolowa. Kwa woyamba kumene, a 8x42 ndi abwino kuposa a 10x42, chifukwa amaonetsa malo otakata, ndiye simuvutika kupeza kambalame kamene kakudumphadumpha m'masamba, komanso sanjenjemera kwambiri m'manja. Amene amagulitsidwa m'misewu olembedwa manambala akuluakulu monga 20 kapena 30 musawakhumbire, chifukwa popanda choimikapo simudzaona kanthu koma kugwedera kwa manja anu. Ngati ndalama palibe, bwerekani kapena yendani awiri n'kumasinthana. Mbalame zambiri zapakhomo zimadziwika ndi maso ndi makutu okha.

Chachiwiri ndi buku kapena pulogalamu ya pafoni yoonetsa mbalame za kum'mwera kwa Afrika. Zimbabwe ili ndi mitundu ya mbalame yopitirira 650, choncho palibe amene angayende nazo zonse m'mutu tsiku loyamba. Pulogalamu ya Merlin, yopangidwa ndi Cornell Lab of Ornithology ku America, ndi yaulere, ndipo muyenera kukoperatu gawo la mbalame za kuno muli pamalo pamene pali intaneti yabwino kuti kutchire izigwira ntchito popanda data. Chachitatu ndi kope laling'ono ndi pensulo. Ndikuti pensulo chifukwa inki imasungunuka pepala likanyowa, ndipo m'dzinja lidzanyowa ndithu. Foni muitchaje usiku, ndipo popeza magetsi sapanganika, power bank ikhale m'chikwama. Onjezani majombo a mphira, chipewa, jekete la mvula, madzi akumwa, ndi zovala za mtundu wosawala monga wa khaki kapena wobiriwira modera.

Phunzirani za pakhomo, ndipo samalani ndi mayina

Milungu iwiri kapena itatu mpikisano usanayambe, khalani panja m'mawa uliwonse kwa mphindi 20 ndipo muphunzire mbalame za pamalo panu, kaya mumakhala ku Mbare, ku Mufakose, ku Dzivarasekwa, ku Mabvuku kapena ku Avondale. Pumbwa, khwangwala, nthengu, mpheta, atchete amene amaluka zisa zolendewera m'mitengo, izi muzizidziwa msanga moti zisamakutayitseni nthawi. Chifukwa chake n'chakuti munthu amazindikira mlendo pokhapokha atadziwa eni mudzi. Mukadziwa bwino kulira kwa pumbwa, khutu lanu lidzaima lokha tsiku limene mumtengo mudzalire china.

Ambiri mwa ife amene tinakulira kumudzi, kapena amene tinaleredwa ndi agogo ochokera ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete, tili ndi poyambira pabwino kuposa mmene timaganizira. Mnyamata amene ankayenda ndi legeni m'thumba kapena kutchera ulimbo pa chitsime ankadziwa nthawi imene njiwa imabwera kudzamwa, mtengo umene nkhulukulu imakonda, ndi mmene munthu amayandikirira mbalame osaidzidzimutsa. Luso lake ndi lomwelo, kungoti tsopano legeni itsala kunyumba. Ngati agogo alipo, khalani nawo pansi muwafunse kuti, "Agogo, iyi ikulira apayi mumaitchula chiyani kwanu?" Mudzamva mayina amene m'mabuku mulibe.

Komabe mayina athu ali ndi vuto limodzi pa mpikisano, ndipo apa ndikhalitsapo chifukwa ndi pamene mapointi ambiri amatayikira. Dzina limodzi la Chichewa kawirikawiri limaphimba mitundu ingapo, pamene mpikisano umawerenga mtundu uliwonse pawokha ndipo umafuna dzina la Chingerezi kapena la sayansi. Tengani njiwa. Mu Harare mungaone mitundu itatu m'mawa umodzi: Laughing Dove, yaing'ono, yofiirira pachifuwa ndipo ilibe mkanda wakuda kumbuyo kwa khosi, Cape Turtle Dove, yotuwa, yokhala ndi mkandawo, ndi Red-eyed Dove, imene nayonso ili ndi mkanda koma ndi yaikulu, yoderako, ndipo khungu lozungulira diso ndi lofiira. Wolemba kuti njiwa basi wapeza pointi imodzi pamene mnzake wapeza atatu. Kakowa ndi chimodzimodzi. Woyenda ndi ng'ombe, wa mlomo wachikasu, amene m'dzinja amamera nthenga zofiirira pamutu ndi pamsana, ndi Cattle Egret. Wa mlomo wakuda, miyendo yakuda ndi zala zachikasu ndi Little Egret. Ndipo wamtali khosi kuposa onse ndi Great Egret. Anamzeze ndiye amasokoneza kwambiri, chifukwa dzinali timaitanira mabanja awiri osiyana. Ena amatera pa mawaya n'kupumula, ndipo m'Chingerezi ndi swallow, pamene ena a mapiko opindika ngati chikwakwa satera pa waya ngakhale pang'ono, ndipo amenewo ndi swift. Pakati pa otera pa waya, Barn Swallow wochokera ku Ulaya ali ndi kukhosi kofiirira, mzere wakuda pachifuwa ndi mimba yoyera, pamene Lesser Striped Swallow ali ndi mutu wofiirira ndi mizeremizere yakuda pamimba ponse.

Njira imene ndimaiona yothandiza ndi kugawa tsamba la kope patatu: dzina la Chichewa, la Chishona ngati mukulidziwa, ndi la Chingerezi. Mbalame imene Achishona amati hungwe ndi nkhwazi yathu yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi, ndipo pa mndandanda wa mpikisano mudzailemba kuti African Fish Eagle.

Konzani ulendo potsata malo, osati potsata mbalame

Woyamba kumene amalemba mayina a mbalame zimene akufuna n'kumazisaka imodziimodzi. Wodziwa amalemba mitundu ya malo, chifukwa malo aliwonse ali ndi eni ake, ndipo ola limodzi m'dambo lidzakupatsani mitundu imene simungaipeze ngakhale mutakhala mlungu wonse m'nkhalango. Harare ili ndi mwayi woti mitundu inayi ya malo ili pafupipafupi: madambo, nkhalango ya miombo, madzi akuluakulu, ndi minda ya maluwa ya m'mzinda.

M'dzinja madambo ndiwo chuma cha mzinda uno. Dambo la Monavale, limene lili m'mbali mwa mtsinje wa Marimba kumadzulo kwa mzinda, linalowa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa pangano la Ramsar mu 2013, pamodzi ndi Cleveland Dam komanso nyanja za Chivero ndi Manyame. Dambo la Marlborough nalonso ndi lodziwika. M'chilimwe malo amenewa amaoneka ngati thengo louma lopanda ntchito, koma mvula ikakhazikika, makamaka mu Januwale ndi Febuluwale, udzu umatalika, madzi amaima pansi pake, ndipo mbalame zamphongo zimavala nthenga za ukwati. Southern Red Bishop amasanduka wofiira ndi wakuda n'kumadzitukumula pa bango, Yellow-mantled Widowbird amaoneka wakuda ndi chikasu pamsana, ndipo Red-collared Widowbird amauluka mokoka mchira wake wautali pamwamba pa udzu. Zamphongo zimenezi mulembe msanga, koma zazikazi zake zonse ndi zofiirira zamizere ndipo zimafanana kwambiri, choncho woyamba kumene asalimbane nazo. M'madambo omwewa ndi mmene anthu ochokera kutali amabwera kudzafuna mbalame zobisala mu udzu wonyowa monga Streaky-breasted Flufftail, Striped Crake, African Crake ndi Corn Crake, komanso Black Coucal, m'bale wake wa nkuta. Zambiri mwa izi mudzazimva osaziona, ndipo chaka chimene mvula yavuta zimabwera zochepa kapena osabwera n'komwe.

Nkhalango ya miombo, ya mitengo ya msasa ndi munondo, mudzaipeza ku Mukuvisi Woodlands, malo a mahekitala opitirira 250 amene ali m'kati mwa mzinda, komanso ku Haka Park pafupi ndi Cleveland Dam. Miombo imayesa mtima. Mungayende theka la ola osamva kanthu, kenaka n'kukumana ndi gulu la mbalame za mitundu yosiyanasiyana zikudyera limodzi kuchoka mtengo uwu kupita uwo. Mukakumana nalo, imani ndipo mulitsate pang'onopang'ono mpaka mutaona aliyense, chifukwa m'gulu lotere ndi mmene mumapezeka Miombo Tit, Southern Hyliota, White-breasted Cuckooshrike, Green-capped Eremomela, ndipo mukachita mwayi Spotted Creeper, kamene kamakwera thunthu la mtengo ndipo mtundu wake ndi wofanana ndi khungwa. Nthengu nthawi zambiri imakhala pakati pa gululo, ndiye phokoso lake lingakutsogolereni.

Za m'madzi mukazipeza ku nyanja ya Chivero, imene ili pa mtunda wa makilomita opitirira 30 potsata msewu wa ku Bulawayo. Nyanjayi inapangidwa mu 1952 potseka mtsinje wa Manyame, ndipo kale inkatchedwa McIlwaine. Kumeneko kuli nkhwazi, atsekwe, abakha akutchire, akakowa a mitundu yonse, nantchengwa, ndi African Jacana amene amayenda pamwamba pa namasupuni ndi zala zake zazitali. M'matope a m'mphepete yang'anani tialendo ta miyendo yaitali monga Wood Sandpiper ndi Common Sandpiper, timene timaswana kumpoto kwa Ulaya ndi Asia. Kulowa m'paki kumafuna ndalama, choncho funsiranitu mtengo wake, ndipo ngati muli ndi mnzanu wa galimoto, tsiku la ku Chivero ndilo loyenera kusonkherana mafuta.

Minda ya m'mzinda siifuna mawu ambiri. National Botanic Garden ku Alexandra Park ndi mabwalo okhala ndi mitengo ikuluikulu zidzakupatsani nkhulukulu, Black-collared Barbet, Crested Barbet, Kurrichane Thrush, White-browed Robin-Chat ndi African Paradise Flycatcher. Mabwalo a mpira ndi a sukulu musawaderere, chifukwa ndi pamene pamatera Abdim's Stork, dokowe wakuda wa mimba yoyera amene Achishona amamutcha shuramurove ndipo amamuona ngati wolengeza mvula.

Dziwani amene amabwera ndi nthawi imene amabwera

Ngati mpikisano ndi wa miyezi ingapo, kalendala ya alendo ndiyo iyenera kukuuzani za kuyamba nazo. Yellow-billed Kite, kabawi amene amalanda anapiye, ndi Wahlberg's Eagle amafika molawirira, cha mu Ogasiti. European Bee-eater ndi Barn Swallow amakhala atafika pofika mu Okutobala, pamodzi ndi Willow Warbler, kambalame kolemera pafupifupi magalamu 10 okha kamene kamawoloka chipululu cha Sahara kawiri pachaka. Nthawi yomweyo kumayamba kumveka Red-chested Cuckoo, amene amalira mawu atatu otsika mobwerezabwereza usana ndi usiku, ndi Diederik Cuckoo amene amaikira mazira m'zisa za atchete kuti amulerere ana. Mbalame za banja limeneli muzilembe mu Novembala ndi Disembala zikadali kulira, chifukwa dzinja likamapita kumapeto zimakhala chete ndipo kuzipeza kumavuta. Amur Falcon amafika mochedwa, cha mu Disembala, atachoka kum'mawa kwa Siberia ndi kumpoto kwa China, kudutsa ku India ndi kuwoloka nyanja yamchere ya Indian Ocean. Muwayang'ane pa mawaya a magetsi m'mbali mwa minda ndi madambo, kumene amakhala ambirimbiri.

Pali mphindi imodzi ya m'dzinja imene simuyenera kuiphonya. Mvula ikagwa masana n'kukata, ngumbi zimatuluka pa chulu, ndipo mbalame za m'dera lonselo zimasonkhana pomwepo: akabawi, anamzeze, nthengu, apumbwa, ngakhale ziwombankhanga zimene nthawi zina zimatera pansi n'kumatola ngati nkhuku. Mukaona ana akuthamanga ndi mabeseni, atsateni, ndipo muime chapatali ndi kope lanu.

Tsiku lenilenilo

Mu Disembala dzuwa limatuluka itangopitirira 5 koloko, ndipo mbalame zimayamba kuimba kusanache. Maola atatu oyambirira ndi amene amabala kwambiri, choncho mufike pamalo kukadali mbuu. Ngati mpikisano ndi wa tsiku limodzi, ine ndingayambe m'bandakucha kumvetsera kadzidzi ndi lumbe, kukacha n'kukhala m'dambo, cha m'ma 7 koloko n'kulowa m'miombo, dzuwa likakwera n'kupita ku madzi, chifukwa mbalame za m'madzi zimaoneka ngakhale masana, ndipo nthawi yomweyo ndi imene ziwombankhanga zimakwera m'mwamba ndi mpweya wotentha. Madzulo n'kubwerera m'minda ya m'mzinda kukatola zimene zatsala. Za kadzidzi ndikudziwa kuti ambiri tinaleredwa tikumuopa ngati mbalame ya malodza, koma pa mndandanda Barn Owl ndi Spotted Eagle-Owl ndi mapointi awiri, ndipo pakhomo ndi alonda amene amatha makoswe.

Poyenda, dzuwa likhale kumbuyo kwanu, chifukwa mbalame imene ili pakati pa inu ndi dzuwa imangooneka yakuda. Yendani pang'ono, imani kawirikawiri, ndipo lankhulani motsitsa. Mukaona mbalame, musachotse maso pa iyo, koma kwezani magalasi kufika pamaso muli chiyang'anire, apo ayi mudzaitaya. Ndipo musathamangire kutsegula buku. Yambani mwaona kukula kwake poyerekeza ndi mpheta, pumbwa, njiwa kapena khwangwala, kenaka mlomo, miyendo, mchira, mizere ya pamutu ndi pamapiko, zimene ikuchita ndi pamene yatera. Buku lidzakudikirani, mbalame sidikira. Mukamauza mnzanu pamene ili, musaloze ndi dzanja mwadzidzidzi, koma nenani kuti, "Achimwene, mtengo wa msasa uwo, nthambi yachiwiri kumanzere, chakunsonga."

Lembani zimene mwaonadi

Mipikisano yambiri masiku ano imalandira zotsatira kudzera pa eBird kapena pa BirdLasser, mapulogalamu a pafoni olemberapo mbalame zimene mwaona. Pa eBird, imene inayamba mu 2002, mumatsegula mndandanda watsopano pamalo aliwonse, ndipo pulogalamuyo imasunga nthawi imene mwayamba, mtunda umene mwayenda ndi chiwerengero cha anthu. Mukasintha malo, monga kuchoka ku Monavale kupita ku Mukuvisi, tsekani mndandanda woyamba n'kutsegula wina. Pomaliza imakufunsani ngati mwalemba mitundu yonse imene munatha kuizindikira, ndipo muyankhe kuti inde pokhapokha ngati mwalemba ndi khwangwala yemwe, osati zosowa zokha. BirdLasser imagwirizana ndi kalembera wa mbalame za kum'mwera kwa Afrika wotchedwa SABAP2, amene anayamba mu 2007. Kalemberayu anagawa dziko m'timabokosi totchedwa pentad, ta makilomita pafupifupi 9 mbali iliyonse, ndipo kuti khadi lanu, kutanthauza mndandanda umene mumatumiza, likhale lathunthu muyenera kusaka kwa maola osachepera awiri m'kabokosi kamodzi, kulemba mbalame motsata mmene mwazionera, ndipo khadi limodzi lisapitirire masiku asanu.

Apa ndi pamene pagona mpikisano wonse. Palibe woyang'anira amene akuyenda nanu m'dambo, ndipo chimene chikuimira dzina lanu ndi mndandanda wanu basi. Mtima umanyenga, makamaka dzuwa likamalowa muli ndi mitundu 99 ndipo kambalame kofiirira kadutsa mothamanga. Ngati simunakaone bwino, musakalembe. Lamulo limene ndimatsata ndi lakuti ngati sindingathe kufotokozera mnzanga chimene chandichititsa kunena kuti ndi mtundu uwu osati winawo wofanana nawo, ndiye kuti sindinaizindikire. Pulogalamu ya pafoni imene imamvera kulira kwa mbalame n'kutchula dzina ndi yothandiza, koma imalakwitsa, makamaka pa mbalame za kuno, ndiye zimene yanena muzitenge ngati maganizo a mnzanu amene ayenera kutsimikiziridwa ndi maso kapena khutu lanu. Chifukwa china chokhalira okhwima chotere n'chakuti mindandanda imeneyi siithera pa mpikisano. Imalowa m'nkhokwe imene akatswiri amagwiritsa ntchito poona ngati mtundu wina ukuchepa, ndipo anthu oteteza madambo a Harare, madambo amene akudyedwa ndi nyumba ndi minda chaka ndi chaka, amadalira zolembedwa zotere posonyeza zimene zimakhala m'madambomo. Dzina limodzi labodza limadetsa umboni wa anthu ambiri.

Mukaona mbalame yosowa kapena yosayembekezeka m'dera lanu, jambulani ngakhale chithunzi chosaoneka bwino, kapena tengani mawu ake pafoni, ndipo mulembe nthawi yomweyo zimene mwaona musanayang'ane m'buku. Pulogalamu idzaika chizindikiro pa dzinalo, ndipo munthu wodzipereka amene amaunika zolembedwa za dera lino angakulembereni kufunsa umboni. Musakhumudwe nazo, chifukwa amafunsa aliyense, ngakhale amene akhala akuchita zimenezi zaka makumi atatu.

Dzisamaleni, ndipo musamale mbalamezo

Dzinja ndi nyengo yoswana, choncho chisa mukachiona musachiyandikire, musathyole nthambi kuti mujambule bwino, ndipo musaulutse malo ake pa WhatsApp kapena pa Facebook. Kuliza mawu a mbalame pafoni kuti ituluke kumaichotsa pa mazira ndi kuitopetsa polimbana ndi mdani amene kulibe, ndipo mipikisano ina imaletseratu zimenezi. M'dambo yendani m'tinjira timene tilipo kale, chifukwa zisa zambiri zili pansi mu udzu. Munda wa chimanga wa munthu kapena mpanda wa eni ake musalowe osapempha, ndipo magalasi kapena kamera musalozetse ku nyumba za anthu, ku malo a asilikali kapena ku nyumba za boma zotetezedwa.

Mphezi ya kuno si yoseweretsa. Mitambo ikada ndipo bingu likamveka, tulukani m'dambo, musabisale pansi pa mtengo umene waima wokha, ndipo mukalowe m'nyumba kapena m'galimoto. Ku Chivero musalowe m'madzi kapena kuima m'mphepete penipeni, chifukwa muli ng'ona ndi likodzo. Mu udzu wautali muli njoka ndi nkhupakupa, ndiye pisirani buluku m'majombo ndipo mukafika kunyumba mudziyang'ane thupi lonse. Kumalo kopanda anthu pitani awiri kapena atatu, muuze a kunyumba kumene mwapita, ndipo mukakwera kombi magalasi akhale m'chikwama, osati pakhosi.

Kutumiza zotsatira

Madzulo a tsiku lililonse, musanagone, yerekezani kope ndi zimene zili pafoni, chotsani dzina lililonse limene mwayamba kulikayikira, ndipo tumizani mndandanda tsiku lomwelo mukadakumbukira. Ngati mpikisano ndi wautali, sungani tsamba lina la mitundu imene ikusowabe ndipo muigawe potsata malo, kuti Loweruka lotsatira mudziwe ngati mukufunika dambo, miombo kapena madzi. Alendo muwaike patsogolo, chifukwa pumbwa ndi khwangwala adzakhalapo chaka chonse, pamene Amur Falcon, Abdim's Stork ndi European Bee-eater amayamba kunyamuka mu Malichi, ndipo pofika pakati pa Epulo mawaya amakhala opanda kanthu. Onaninso tsiku ndi ola lotsekera kulandira zotsatira, ndipo ngati okonza mpikisano akufuna kuti mugawane nawo mndandanda wanu wa pa eBird kapena kulembetsa dzina la gulu lanu pa BirdLasser, chitani zimenezo mpikisano usanayambe, chifukwa pali mipikisano ina imene siwerenga mbalame zolembedwa munthu asanalembetse.